Kukafunsa njira m'dziko lopanda dothi

Mu Epulo 2006, kagulu ka anthu ogwira ntchito m'malaibulale a m'chigawo cha Illinois ku America kanapeza malo m'dziko lomwe simungalipeze pa mapu alionse a kusukulu. Dzikolo ndi Second Life, lomwe kampani ya Linden Lab ya ku San Francisco inatsegula mu Juni 2003, ndipo lonse lili m'makompyuta. Munthu amalowamo kudzera pa intaneti n'kupatsidwa thupi lojambula, lotchedwa avata, loti aziliyendetsa ndi mabatani. Limayenda, limakhala pampando, mwini wake akafuna limauluka. Ena amene alowa nthawi yomweyo amaoneka ndi maavata awonso, ndipo mukayandikizana mumayankhulana. Nyumba, misewu, mitengo ndi zovala za m'menemo, pafupifupi zonse anazipanga ndi olowamo okhaokha.

Kaguluka kanali ka bungwe la Alliance Library System, lomwe likulu lake linali ku East Peoria, ndipo patsogolo panali Lori Bell ndi mkulu wa bungwelo Kitty Pope. Iwo anamanga chomwe ankachidziwa: nyumba zosanja zokhala ndi mashelefu, ndi mabuku oti ukawadina amatseguka kapena kukutumiza ku tsamba lina la pa intaneti. Chilumba chawo anachitcha Info Island. Sipanatenge nthawi, zilumba zina zinaphuka m'mbali mwake, china cha zaumoyo, china cha malaibulale a m'mizinda, ndipo anzawo a ntchitoyi a m'maiko ena anayamba kudzipereka kudzagwira nawo mwaulere, ena akaweruka kuntchito, ena pakati pa usiku malinga ndi komwe ali.

Mashelefu aja sanakope anthu. Kuwerenga buku lalitali pakawindo kakang'ono ka m'kati mwa dziko lojambula n'kotopetsa, ndipo wofuna buku ankalipeza msanga pa Google. Pomwe pankadzaza anthu panali panja, pabwalo pomwe alendo ankatera akangofika pachilumbapo. Apo ndi pomwe panali desiki ya mafunso, ndipo pankakhala munthu weniweni wodikira kufunsidwa. Oyang'anira malaibulalewo ataonkhetsa mafunso omwe ankalandira anapeza kuti ambiri sanali a mbiri yakale kapena a sayansi ayi, anali a za dziko lomwelo. Ndagula malaya koma ndavala bokosi lake, nditani? Avata yanga ikungovina, ndiisiyitsa bwanji? Ndalama amazipeza kuti kuno? Ndiye panali funso lina lomwe mlendo aliyense amafika nalo ngakhale asalitchule: kodi anthu ali kuti?

Wina angaseke kuti anthu a madigiri anathera mausiku awo akuphunzitsa alendo kuvula bokosi. Ine sindikuona choseketsa. Ngakhale mu laibulale ya njerwa, mafunso ochuluka amakhala akuti buku lakuti lili shelefu iti, kapena chimbudzi chili mbali iti. Amene wathandizidwa bwino pa kafunso kotere ndi yemwe amabweranso mawa ndi funso lomwe likumusowetsa tulo.

Mamita 20

Kuti timvetse chifukwa chake bwalo linapambana mashelefu, tione kaye momwe dzikoli linapangidwira. Linagawidwa m'zigawo zofanana, chilichonse mamita 256 m'litali ndi 256 m'lifupi. Ukalemba mawu oti anthu amve, amaonekera kwa aliyense amene ali pasanapitirire mamita 20 kuchokera pomwe waima. Ukanong'ona amathera pa mamita 10, ukakuwa amafika 100. Kalamulo aka kakuoneka kachabechabe, koma n'komwe kamasiyanitsa malo otere ndi foni kapena imelo. Pafoni umayankhula ndi yemwe wamusankha. Pabwalo la Info Island, mlendo akafunsa za malo ophunzirira Chisipanishi, ankamva ndi onse oimirira pafupi, ndipo kawirikawiri woyankha sankakhala wa padesiki, koma wina wongocheza amene anali komweko dzulo lake. Winanso wachitatu, yemwe sanafunse kanthu, ankachoka atatolapo zomwe sankadziwa kuti akuzifuna.

Zimenezi akatswiri anaziona kale kunja kuno makompyuta asanalowepo. Mu 1999, Karen Pettigrew, yemwe pambuyo pake anadziwika ndi dzina loti Karen Fisher, anasindikiza zomwe anapeza m'zipatala zazing'ono za ku Ontario m'dziko la Canada, komwe okalamba ankapita kukawengedwa zikhadabo za kumapazi. Anthuwo ankabwerera mapazi, koma podikira pamzere ndi pocheza ndi anamwino ankauzana za komwe kumapezeka chithandizo cha chakudya, mayendedwe ndi zina zofunika pa ukalamba. Palibe anapitako kukafuna nkhani, komabe nkhani zinkayenda kuposa mu ofesi yokhazikitsidwira ntchito imeneyo. Aliyense amene anakhalapo pamzere wa kuchigayo akudziwa zomwe mayiyu anaona: umapita ndi chimanga, umabwerako ndi ufa pamodzi ndi mtengo wa feteleza, tsiku la sikelo ndi dzina la sukulu yomwe ikufuna mlonda.

Mapu a Second Life amaonetsa munthu aliyense ngati kadontho kobiriwira. Olowamo anazolowera msanga kutsegula mapu, kuyang'ana pomwe timadontho taunjikana, n'kudina pomwepo kuti akatere m'kuphethira kwa diso. Makampani akuluakulu omwe anathamangirako mu 2006 ndi 2007 anachedwa kuzindikira mwambo umenewu. American Apparel inatsegula sitolo yokongola mu 2006, chaka chotsatira n'kutseka. Ena anawononga ndalama zambiri kumanga zinyumba zagalasi zodzaza ndi zikwangwani, osaikamo munthu ndi mmodzi yemwe woti alonjere alendo. Mlendo ankafika, kuzungulira kamodzi, osabwereranso. Mu 2007 magazini ya Wired inalemba nkhani yaitali yonena za ndalama zomwe otsatsa malonda ankataya pa zilumba zopanda anthu. Chodabwitsa n'chakuti nthawi yomweyo dzikolo linali likukulabe, mpaka kumayambiriro kwa 2009 anthu olowa pa nthawi imodzi anafika pafupifupi 88,000. Anthu analipo, koma anali m'mabwalo a magule, m'makalasi ndi m'nyumba za anzawo.

Eni malo ena ochenjera anaona msanga kuti timadontho ndi ndalama. Makina osakira malo a m'dzikomo ankaika pamwamba malo omwe anthu amakhalitsapo, choncho iwo anayamba kuika mipando yolipira: ukakhalapo kwa mphindi zingapo umalandira timadola ta Linden, ndalama ya m'menemo yomwe pafupifupi 250 zimakwana dola imodzi ya ku America. Ena anafika podzaza zipinda zobisika m'mwamba ndi maavata opanda munthu kumbuyo kwake. Mlendo ankaona khwimbi pa mapu, kufika n'kupeza zidole zili duu, moni osayankha. Linden Lab inaletsa mchitidwewu mu 2009, koma pofika apo anthu anali atasiya kale kukhulupirira makina osakirawo. Ankadalira mnzawo kuwapatsa kachizindikiro ka malo, komwe munthu amakasunga m'thumba la avata yake n'kukadina akafuna kupitako, kapena kusuzumira pa mbiri ya munthu amene amugomera kuti aone malo omwe iye anawasankha kuti ndi okoma. Ankalowanso m'magulu, momwe funso limodzi limafika kwa anthu mazanamazana nthawi imodzi. Kwa zaka zingapo munthu sankaloledwa kukhala m'magulu oposa 25, ndipo madandaulo a malire amenewa sankatha, chifukwa kutuluka m'gulu kunali kudzitsekera khutu limodzi.

Chilumba cha anthu olumala

Komwe zonsezi zinabala zipatso zooneka ndi pa nkhani zaumoyo. Pafupi ndi Info Island panali HealthInfo Island, yomwe inayamba ndi thandizo la ndalama lochokera ku National Library of Medicine ya boma la America. Kumeneko katswiri wa malaibulale a zachipatala ankathandiza anthu kupeza zolembedwa zodalirika za matenda awo. Koma nkhani yomwe imandigwira mtima kwambiri ndi ya Alice Krueger, mphunzitsi wa ku Colorado yemwe matenda a multiple sclerosis anamulepheretsa kutuluka m'nyumba momwe ankachitira kale. Mu 2007 iye ndi anzake awiri analowa mu Second Life kukafuna malo oti anthu olumala azikumana. M'menemo amadziwika kuti Gentle Heron. Gulu lomwe anayambitsa linakula n'kukhala bungwe la Virtual Ability, lomwe linatsegula chilumba chake mu 2008, ndipo mu 2009 linagawana ndi gulu lina mphoto yoyamba ya Linden Prize.

Pachilumbapo zonse anazilingalira mofatsa. Njira zake n'zotakata ndi zopanda masitepe, ngakhale kuti avata ikhoza kuuluka, chifukwa munthu amene manja ake amanjenjemera, kapena amene amayendetsa kompyuta ndi mawu kapena ndi chala chimodzi, amavutika kukhota pa kanjira kopanikiza. Zikwangwani n'zazikulu, za mitundu yosavuta kuona. Mlendo amayenda m'njira yomuphunzitsa pang'onopang'ono kuyenda, kukhala ndi kuyankhula, ndipo akakakamira pamakhala wina womuthandiza amene anadutsa m'mavuto omwewo. Linden Lab itabweretsa zoyankhulana ndi mawu apakamwa mu 2007, anthu osamva anadandaula kwambiri, poti kufikira nthawi imeneyo aliyense ankalemba ndipo kusamva kwawo sikunkaoneka. Ku Virtual Ability anakhazikitsa mwambo woti pamsonkhano uliwonse zoyankhulidwa zizilembedwanso pomwepo kuti osamva awerenge, ndipo zolembedwa zizitha kumveka kwa amene saona bwino.

Madokotala ndi ofufuza amabwera kudzakamba nkhani pamisonkhano ya pachilumbachi chaka ndi chaka. Komabe zambiri zomwe anthu amatolako ndi zomwe dokotala sangakuuze, poti sanakhalepo pa njinga ya olumala: mmene ungasambire wekha osagwa, mmene ungalembere kalata yopempha thandizo la boma kuti asakubwezere, zoti unene kwa wachibale amene watopa nawe koma sakufuna kutchula. Nzeru zotere zimakhala mwa anthu amene azivutikira, ndipo munthu amazitulutsa akakhala pakati pa anzake omumvetsa. Avata imathandizaponso. Pali mafunso okhudza thupi, chimbudzi kapena za m'banja omwe munthu amachita nawo manyazi pamaso pa namwino, koma amawafunsa mosavuta nkhope yake ikabisika. Ena amasankha avata yoyenda ndi miyendo iwiri, ena amakana. Simon Stevens wa ku Coventry ku Britain, yemwe ali ndi cerebral palsy, anapatsa avata yake njinga ya olumala ndipo mu 2006 anatsegula malo a zisangalalo otchedwa Wheelies, komwe anthu ankabwerera magule koma n'kumachokako atadziwana ndi anzawo a vuto ngati lawo.

Kubisika kwa nkhope komweko kuli ndi mbali yake yoipa. Aliyense akhoza kuveka avata yake gauni yoyera n'kudzitcha dokotala. Anthu a m'maiko amenewa anapeza njira zawo zoyezera munthu. Mbiri ya avata iliyonse imaonetsa tsiku lomwe inapangidwa, ndiye wobadwa dzulo akamayankhula ngati katswiri, anthu amayamba akayika. Amaonanso magulu omwe ali, ndi amene angamuchitire umboni. Dzina lopeka lomwe lakhala pamalo amodzi zaka zisanu, likuthandiza anthu osanamiza aliyense, limalemera ngati dzina lenileni, ndipo mwini wake amaopa kuliipitsa.

Mkazi wa Mankrik

Maiko a masewera ali ndi phunziro lina pa nkhani yomweyi. Mu World of Warcraft, yomwe kampani ya Blizzard inatulutsa mu 2004 ndipo pofika 2010 inali ndi olipira 12 miliyoni, munali chigawo chachikulu chouma chotchedwa Barrens. Osewera atsopano ankayenda mitunda italiitali wapansi m'chigawochi, ndipo posowa chochita ankacheza pa tchanelo yomwe aliyense wa m'chigawomo ankaiona. Munthu wina wa m'nthano ya masewerawo, Mankrik, ankatuma osewera kukafuna mkazi wake yemwe anasowa pankhondo. Malangizo ake anali osamveka bwino, ndipo mtembo wa mkaziyo sunalembedwe dzina lake. Zotsatira zake, usana ndi usiku pankapezeka wina wofunsa komwe kuli mkazi wa Mankrik. Ena ankayankha zoona, ambiri ankayankha zachipongwe, mpaka funsolo linasanduka nthabwala yodziwika kwa osewera a dziko lonse lapansi.

Safunsa anadya phula, koma wofunsa mu Barrens ankayenera kupirira kunyozedwa asanalandire yankho. Posakhalitsa osewera anasonkhanitsa mayankho onse kunja kwa masewerawo, pa masamba monga Thottbot, yomwe inkatolera zinthu kuchokera m'makompyuta a osewera omwe anavomera, kenako Wowhead ndi WoWWiki. Wofunsa pa tchanelo anayamba kuuzidwa kuti akaone pa Thottbot. Mu Disembala 2009 Blizzard inaika zizindikiro pa mapu zolozera komwe ntchito iliyonse ikachitikire, pamodzi ndi makina opezera anthu osewera nawo popanda kufunsa aliyense. Zinthu zinaphweka, palibe angakane. Koma osewera akale ambiri amadandaula kuti kuyambira pamenepo m'misewu munachita zii, chifukwa ubwenzi wambiri unkayamba ndi munthu wosochera kufunsa mnzake wodutsa. Kampaniyo itabwezeretsa masewera akalewo mu 2019 pansi pa dzina loti Classic, anthu anakhamukirako, ngakhale kuti ulendo uno aliyense ankadziwa kale pomwe mtembo uja wagona.

M'masewera omwewa munachitika chinthu china mu Sepitembala 2005. Nthenda yopeka yotchedwa Corrupted Blood, yomwe inayenera kuthera m'phanga limodzi, inatuluka kudzera m'ziweto za osewera n'kufalikira m'mizinda ikuluikulu. Ena anaima kunja kwa mizinda kuchenjeza anzawo kuti asalowe. Ena atamva chenjezolo anathamangira komweko kuti akaone ndi maso, n'kutenga nthendayo kupita nayo kwina. Eric Lofgren ndi Nina Fefferman analemba za khalidweli mu 2007 m'magazini ya zachipatala ya The Lancet Infectious Diseases, poona kuti owerengera za miliri kawirikawiri saganizira za munthu amene chenjezo limamukoka m'malo momuthamangitsa.

Atolankhani ndi mphekesera

Paliponse pamene pali anthu, ndalama ndi mikangano, mtolankhani sachedwa. Mu 2003 Peter Ludlow, mphunzitsi wa filosofi pa University of Michigan, anayambitsa nyuzipepala ya Alphaville Herald yolemba za mu The Sims Online, dziko la kampani ya Electronic Arts. Analemba za akuba obera alendo ndi za uhule wa pakompyuta womwe ankati achinyamata osakwana msinkhu akuchita nawo. Mu Disembala chaka chomwecho kampaniyo inatseka akaunti yake, ponena kuti waphwanya malamulo a masewerawo. Iye ankati chenicheni n'chakuti nkhani zake zinkaipitsa malonda. Nkhaniyi inafika mpaka mu New York Times, ndipo Ludlow anasamukira ku Second Life n'kupitiriza nyuzipepala yake kumeneko. M'nyumba ya mwini saotchera mbewa: m'maiko amenewa mwini dothi, mwini mlengalenga ndi woweruza milandu ndi kampani imodzi, ndipo ikakuchotsa kulibe khoti la m'menemo lokadandaulako.

Linden Lab inatenga njira ina. Mu 2003 inalemba ntchito Wagner James Au kuti azilemba za anthu a m'dziko lake, ndipo atasiyana nayo mu 2006 anapitiriza payekha pa New World Notes. Mu Okutobala 2006 bungwe lofalitsa nkhani la Reuters linatsegula ofesi yake m'menemo, mtolankhani Adam Pasick n'kukhala Adam Reuters. Maiko a Maldives ndi Sweden anatsegula maofesi a ukazembe mu Meyi 2007. Zambiri mwa izi zinali zofuna kutchuka, ndipo Reuters inachoka pasanathe zaka zitatu.

Koma nkhani yoti ilembedwe inalipo. Banki ina ya m'menemo, Ginko Financial, inkalonjeza chiwongoladzanja chokwera modabwitsa, mwini wake akudziwika ndi dzina la avata lokha. Ochenjeza analipo, atolankhani ndi anthu wamba, koma amene ankalandira phindu ankauza anzawo kuti zonse zili bwino, ndipo mawu a mnzako amalowa kuposa a mlendo. Linden Lab italetsa juga mu Julayi 2007, mphekesera inayenda m'magulu kuti bankiyo yagwedezeka, anthu anathamangira kukatapa ndalama zawo, ndipo mu Ogasiti Ginko inagwa. Zomwe zinatayika akuti zinali pafupifupi madola 750,000 enieni a ku America. Mu Januwale 2008 kampaniyo inaletsa mabanki onse opanda chilolezo cha boma la kunja kuno. Njira yomwe inkafikitsa mlendo kwa munthu womuthandiza ndi yomwenso inafikitsa anthu ambiri ku Ginko.

Laibulale ya mu Minecraft

Patapita zaka, ena anaona kuti maiko amenewa akhoza kukhala pobisalira nkhani zomwe maboma akuziletsa. Pa 12 Malichi 2020 bungwe la Reporters Without Borders linatsegula The Uncensored Library m'masewera a Minecraft. Anaimanga ndi a BlockWorks, anthu 24 a m'maiko 16, ndi timabuloko toposa 12.5 miliyoni. M'kati mwake anaikamo nkhani zoletsedwa za ku Egypt, Mexico, Russia, Saudi Arabia ndi Vietnam, kuphatikizapo za atolankhani awiri: za Jamal Khashoggi, yemwe anaphedwa mu ofesi ya ukazembe wa Saudi Arabia ku Istanbul mu 2018, ndi za Javier Valdez, yemwe anawomberedwa ku Culiacán mu 2017. Nzeru yake inali yakuti boma likhoza kutseka tsamba la nyuzipepala, koma silifulumira kutseka masewera omwe ana mamiliyoni amawakonda. Ndipo poti aliyense akhoza kukopera nyumba yonseyo n'kuiika pa kompyuta yake, kuigwetsa pamalo amodzi sikuithetsa.

Nyuzipepala ya ku Finland ya Helsingin Sanomat inachita zofananako pa 3 Meyi 2023. Inatulutsa bwalo la nkhondo la masewera a Counter-Strike, omwe ndi otchuka kwambiri ku Russia, lokhala ndi chipinda chobisika pansi pa nyumba ina. M'chipindamo munali zithunzi ndi nkhani za m'Chirasha zofotokoza zomwe atolankhani ake anaona ku Ukraine.

Ntchito ziwirizi n'zolimba mtima, ndipo zinachititsa dziko kukamba za ufulu wa atolankhani. Komabe ndikaziika pambali pa Info Island ndimaona mashelefu aja atabweranso, okongola kuposa kale. Wolowa mu laibulale ya mu Minecraft amagoma ndi denga ndi zipilala, amatsegula buku limodzi kapena awiri, n'kutuluka. Ayenera kukhala ndi kompyuta, masewera ogula ndi intaneti yosadukaduka, zomwe n'zosowa kwa ambiri mwa anthu omwe nkhanizo zinawalembedwera, monganso zilili kwa anthu ambiri amene intaneti yawo ndi bandulo ya pafoni. Yerekezani ndi gulu la Helping Hands la m'dziko lina lotere lotchedwa VRChat, gulu lomwe filimu ya Joe Hunting ya mu 2022, We Met in Virtual Reality, inalionetsa. Kumeneko anthu osamva ndi anzawo amaphunzitsa chinenero chamanja, avata ikukweza manja monga momwe mwini wake akuchitira kunyumba. Chipinda chawo n'chosadabwitsa, koma ophunzira amabwera sabata ndi sabata chifukwa mphunzitsi amakhalapo, ndipo ukalakwitsa chizindikiro amakukonza pomwepo.

Lendi ikakwera

Dothi la m'kompyuta silaulere. Chilumba chathunthu mu Second Life chinkalipiridwa madola 295 pamwezi, ndipo masukulu ndi mabungwe osachita malonda ankalipira theka. Mu Okutobala 2010 Linden Lab inalengeza kuti kuchotserako kutha kuyambira Januwale 2011. Mayunivesite ambiri analongedza, ena kusamukira ku OpenSimulator komwe munthu akhoza kuyendetsa dziko lake pa seva yake, ena kungosiyiratu. Kuchotserako kunabwezeretsedwa mu 2013, ambiri atapita kale. Alliance Library System nayo inali itakhudzidwa ndi mavuto a zachuma a boma la Illinois, ndipo inasiya ntchitoyi m'manja mwa anthu odzipereka aja, omwe anaipitiriza pansi pa dzina loti Community Virtual Library. Zilumba zinachepa, malo anasintha kangapo, koma desiki ya mafunso anaisunga.

Chilumba chikalephera kulipiridwa, pa mapu pamangotsala nyanja. Nthawi zina dziko lonse ndi lomwe limapita. The Sims Online, yomwe inali itasinthidwa dzina kukhala EA-Land, inazimitsidwa pa 1 Ogasiti 2008, ofufuza a ku yunivesite ya Stanford akujambula mphindi zake zomaliza. Lively ya Google inatsegulidwa ndi kutsekedwa m'chaka chomwecho cha 2008. AltspaceVR, yomwe Microsoft inagula mu 2017 ndipo munkakumana magulu a mapemphero ndi a anthu olimbana ndi uchidakwa, inatsekedwa mu Malichi 2023, patangopita chaka ndi miyezi yochepa Facebook itadzitcha Meta n'kulengeza kuti tsogolo la intaneti lili m'maiko otere. Magulu omwe anapulumuka ndi omwe anali atapatsana kale njira zina zopezerana, monga pulogalamu yochezerana ya Discord, n'kusamukira limodzi kwina.

Pakati pa 2008 ndi 2010, Library of Congress ya boma la America inapereka ndalama ku kafukufuku wotchedwa Preserving Virtual Worlds, wotsogoleredwa ndi Jerome McDonough wa ku University of Illinois mogwirizana ndi mayunivesite a Stanford, Maryland ndi Rochester Institute of Technology, kuti aone ngati maiko otere angasungidwe. Ku Second Life anakumana ndi mfundo yovuta kumasula. Chinthu chilichonse cha m'menemo ndi cha amene anachipanga, ndiye kuti ukopere chilumba chimodzi uyenera kupempha chilolezo kwa aliyense amene anapanga mpando, mtengo kapena chitseko chomwe chili pamenepo. Ambiri mwa anthuwo anali atasiya kulowa, ena sanayankhe, ena anakana. Zomwe zinatheka kukopedwa zinali zigawo chabe za nyumba ndi malo. Macheza a pabwalo, omwe ndiwo ankanyamula mayankho, amasungika pa kompyuta ya munthu aliyense payekha ngati iye anasankha kutero, ndipo malamulo a Linden Lab amaletsa kugawa zokambirana za anthu m'dzikomo popanda chilolezo cha onse amene anayankhulapo.